Waya wa m'kati mwa khoma: mawu kwa ana a pa Likoma

Ana anga, adzukulu anga, inu amene munabadwa magetsi ali kale pa chilumba chino simulidziwa fungo la koloboyi. Ife tinakula nalo. Kanali kachitini ka palafini kokhala ndi kansanza kopota, ndipo utsi wake unkalowa m'mphuno usiku wonse, moti m'mawa munthu ukamina zinkatuluka zakuda ngati mwaye. Banja lokhala ndi nyali ya galasi tinkaliona ngati la mwanaalirenji. Kuwala kwenikweni kunali pa nyanja, kumene asodzi a usipa ankapopa nyali zawo, zikundandalika pamadzi ngati mudzi wina wa anthu osagona.

Magetsi atafika anali a majenereta a dizilo, mafuta ake obwera pa sitima, ndipo ikakwana 10 koloko usiku ankazima chilumba chonse. Tinazolowera: wina ankathamangira kusita malaya, wina kumaliza kuwerenga za mayeso, kenako zii, mdima, tulo. Kampani ya EGENCO, imene inapatulidwa ku ESCOM m'chaka cha 2017 kuti izipanga magetsi, inadzayala mapanelo a dzuwa a megawati 1 pa Likoma ndi makilowati 300 pa Chizumulu, kuti azithandizana ndi majenereta aja, ndipo magetsi anasiya kuzima usiku. Ine ndinasangalala kwambiri, ndipo ndikusangalalabe. Koma walira mvula walira matope. Kale waya woipa m'denga ankapuma usiku, chifukwa moto unkachokamo anthu asanagone. Lero waya yemweyo akugwira ntchito inu muli m'tulo, firiji ikulira, mafoni ali pa chaji, batire la ku nyanja likudzaza, ndipo palibe amene ali maso kuti amve fungo la pulasitiki ikayamba kupsa. Ndicho chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni.

Ntchito ya magetsi ndinaigwira kumtunda zaka zambiri ndisanabwerere kwathu, ndipo manja angawa akudziwa kutentha kwa soketi imene yatsala pang'ono kuyaka. Masiku ano ndikamayenda ku Mbamba, ku Makulawe kapena ku Nkhwazi, ndimaona nyumba za makolo zikukonzedwa ndi ndalama za ana amene ali ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni. Ndi ulemu waukulu umenewo, Mulungu akudalitseni. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana amatumiza ndalama ya mababu okongola a pabalaza, n'kupempha chithunzi pa WhatsApp kuti aone mmene akuwalira, koma safunsa waya amene walowa m'khoma. Babu likapsa mumasintha mawa. Waya akalowa m'khoma n'kumatidwa pulasitala, amakhala mmenemo mpaka amayi anu atakalamba ndi adzukulu awo atakula.

Tiyambe ndi kunenepa kwa waya. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, ndipo akamadutsa mu waya, wayayo amafunda. Akachuluka kuposa mphamvu ya waya, kufunda kuja kumasanduka kutentha, chikopa cha pulasitiki chimafewa, kenako mawaya awiri amakhudzana. Mukamva mmisiri akunena kuti 1.5 kapena 2.5, akutchula kukula kwa mkuwa wa m'kati mwa waya. Wa 1.5 ndi wa nyali. Wa 2.5 ndi wa masoketi. Chitofu cha magetsi chimafuna waya wakewake, kawirikawiri wa 6, wochokera ku bokosi la mabreaker osapatukira kwina kulikonse. Waya aliyense ali ndi breaker yomuyenera: mzere wa nyali umatetezedwa ndi breaker ya maampu 6, mwina 10, osati kuposa pamenepo. Mumvetse bwino apa, chifukwa ambiri amasokoneza. Breaker siinaikidwe kuti iteteze wailesi kapena firiji yanu. Ntchito yake ndi kudula moto waya asanatenthe. Imagwa kuti nyumba isagwe.

Amene mukufuna kuchotsa mababu akale n'kuika a LED, mtima ukhale pansi. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi ngati babu lakale la mawati 60. Mukaika khumi m'nyumba monse, onse pamodzi ndi mawati 90, osafika ngakhale theka la ampu imodzi. Waya wa 1.5 amanyamula zimenezo osamva n'komwe, ndipo mayunitsi amakhalitsa. Choncho kusintha mababu sikufuna waya wonenepa. Vuto limalowera pena. Mnyamata waona kuti kuchipinda kwake kulibe soketi, koma pamwamba pali waya wa nyali. Akwera pa mpando, adulapo, atsitsa kawaya m'mbali mwa khoma, aika soketi. Poyamba ndi ya foni chabe. Mawa mlongo wake abayapo ayironi, mkucha ketulo ya mawati 2,000, imene yokha imakoka pafupifupi maampu 9. Breaker ya nyali iyamba kugwa. Pamenepo m'malo moimvera, wina wodziwa pang'ono amati breaker ndi yofooka, n'kuikapo ya maampu 32. Kugwa kuja kwatha, onse ayamika. Koma tsopano palibenso chimene chingadule moto, ndipo chofooka chimene chatsala pa mzere wonsewo ndi waya wa 1.5 amene wagona pa mitengo youma ya denga. Breaker ikamagwagwa ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Itanani munthu alifufuze.

Waya wopyapyala wa masipika, kapena uja wofewa wa zipangizo zonyamula m'manja, asalowe m'khoma kapena m'denga ngakhale patavuta chotani. Za ekisitenshoni zolumikizana zitatu, zodutsa pansi pa mphasa ndi pakhomo, sindikufuna n'kuziona komwe.

Tsopano ndikuuzeni chimene chinandichitikira ine mwini, chifukwa chimandipwetekabe. Mchemwali wanga atamanga nyumba ya malata, anandipatsa ndalama zimene anasunga kwa nthawi yaitali pogulitsa usipa wouma, kuti ndikamugulire katundu wa magetsi kutsidya. M'sitolo ina anandionetsa mipukutu iwiri ya waya, yonse yolembedwa 2.5, koma wina wotsika mtengo kwambiri. Ndinawerenga ndalama zija, ndinaganizira za mtengo wa sitima ndi wa onyamula katundu, ndipo ndinatenga wotchipa, osaupala n'komwe, ngakhale kuti ndinkadziwa bwino zoyenera kuchita. Ndinauika m'nyumba ndi manja anga. Itatha miyezi ingapo, mwana wa mchemwali wanga anabwera akuthamanga madzulo, akuti pakhoma pakununkha. Nditatsegula soketi ya firiji ndinapeza kumbuyo kwake kwada bii, pulasitiki itasungunuka, waya akuthetheka m'zala ngati kamtengo kouma. Nditaupala ndi mpeni, kufiira kwa mkuwa kunachoka, m'kati munali moyera. Anali aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pang'ono pamwamba. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chipinda choyandikana ndi khoma limenelo n'chimene munkagona ana atatu. Ndinasolola waya yense m'mapaipi, ndinagula wina ndi ndalama zanga, ndipo banjalo linakhala mu mdima kudikira kuti katundu awoloke. Mchemwali wanga sanandinene mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo kukhala chete kwakeko kunandilasa kuposa kukalipa.

Waya wotereyu amanyamula moto wochepa poyerekeza ndi mkuwa weniweni wa kukula komweko, ndipo pa sikuluwu amaphwanyika ndi kumasuka pang'onopang'ono. Ndiye mukamagula, musachite manyazi ndi mwini sitolo. Nyamulani mpukutuwo m'manja: mkuwa ndi wolemera, ndipo mpukutu wopepuka modabwitsa ukukuuzani kale chilungamo. Pemphani kadulidwe kakang'ono, mupale kumapeto ndi mpeni. Mkuwa weniweni umakhala wofiira mpaka pakati. Werengani zolembedwa pa chikopa cha waya, dzina la opanga ndi kukula kwake, ndipo zikhale zomveka. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuti katundu wachinyengo asamagulitsidwe, koma silingaime pa kauntala iliyonse, maso anu ndiwo ali pomwepo. Tengani lisiti. Kumbukiraninso kuti ife si a ku Mzuzu amene angabweze katundu tsiku lomwelo. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ino kuyambira 1951, imatipeza popita kumpoto ndi pobwerera, ndipo mwera ukavuta ngakhale mabwato ena sayenda. Cholakwa chimene mwagula kutsidya chimawoloka nanu, ndipo kuchibweza ndi ulendo wina.

Moto wambiri wa magetsi suyambira pakati pa waya. Umayambira polumikiza. Ndaona mawaya opotedwa ndi zala n'kukulungidwa ndi tepi, ena ndi jumbo ya shuga, atasiyidwa lende m'denga. Polumikiza potero pamamasuka, pamachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja kuno, kenako pamayamba kuthetheka timoto ting'onoting'ono timene breaker siitha kumva. Babu likamaphethira popanda chifukwa, kapena switchi ikamalira ngati njuchi, kapena pulagi ikamatentha poigwira, musanene kuti ndi mmene magetsi a pa Likoma alili. Penapake pamasuka. Polumikiza paliponse pakhale m'kabokosi kotsekedwa, mawaya atamangidwa ndi zolumikizira za masikuluwu, ndipo kabokosiko kakhale poti munthu angakapeze mawa, osati kukwiriridwa mu simenti.

Mawaya ayende m'mapaipi a pulasitiki, m'khoma ndi m'denga momwe. Ena amati paipi ndi kuwononga ndalama. Afunseni ngati m'nyumba mwawo mulibe makoswe. Khoswe amatafuna chikopa cha waya monga amatafunira chinangwa chouma. Mphepete mwa lata ndi mpeni, ndipo mphepo ikamagwedeza denga chaka ndi chaka, waya wogona pa lata amadulika pang'onopang'ono mpaka denga lonse ligwire moto. Kutentha kwa pansi pa malata m'mwezi wa Okutobala kumaumitsanso chikopa cha waya. Paipi ili ndi ubwino wina umene ndinauona kwa mchemwali wanga: waya woipa amasololedwa osagumula khoma. Mmisiri wabwino amayendetsa mapaipi molunjika, kukwera kapena kutsika kuchokera pa switchi ndi pa soketi, osati mopingasa ngati njira ya mbuzi, kuti tsiku limene mudzakhomere msomali wa chithunzi cha ukwati mudzadziwe pamene waya wadutsa. M'nyumba ya denga la udzu muchenjere kawiri: waya asakhudze udzu, ndipo babu likhale patali nawo.

Nyali za panja nazo zili ndi nkhani yake kuno kwathu. Nkhungu zikatuluka m'nyanja zimathamangira pa kuwala, n'kudzaza chotengera babu, ndipo mvula ikabwera zimasanduka phala lonyowa pamene pali moto. Mavu amamangamo nyumba, nyerere zimalowa m'maswitchi. Pakhonde, kubafa la panja ndi pa thandala pamene mumayanika usipa, gulani nyali zotsekedwa bwino zimene anazipangira panja, ndipo waya wopita kumeneko asamangidwe pa mtengo wa mango kapena kukwiriridwa mumchenga wopanda chomuteteza. Switchi ya kubafa ikhale kunja kwa chitseko, kumene dzanja limafika lisananyowe.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kapweteka anthu ambiri. Ku babu kumapita mawaya awiri, wamoto amene timati live, ndi wobwerera amene timati neutral. Switchi iyenera kudula wamoto. Wosadziwa akaika switchi pa neutral, babu limazima ndithu, ndipo aliyense amaganiza kuti zili bwino, koma moto umakhala ukadali pa chotengera babu. Mwana akakwera pa tebulo kuti asinthe babu, atazimitsa switchi monga anamuphunzitsira, chala chake chimakumana ndi mavolti 230. Mitundu ya mawaya anaiika kuti zotere zisachitike. Pa mawaya amene tinazolowera, wofiira ndi wamoto ndipo wakuda ndi neutral. Pa ena atsopano, wamoto ndi wabulauni ndipo neutral ndi wabuluu. Wa earth ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. M'nyumba yakale imene mukuwonjezera zipinda, mitundu iwiriyi ikhoza kukumana m'bokosi limodzi, ndipo pamenepo mtundu wokha musaukhulupirire, mmisiri ayeze ndi chida.

Nkhani ya earth ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi imene anthu amaidumpha, poti nyali zimayaka bwinobwino ngakhale palibe. Waya wa earth sagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Amadikira tsiku limodzi lokha, limene waya wamoto adzakhudze chitsulo cha firiji, cha chitofu kapena cha nyali yachitsulo ija mwagula yokongola. Tsiku limenelo moto umafuna njira yopitira pansi. Earth ikakhalapo, umadzera mmenemo ndipo chotetezera chimagwa. Ikapanda kukhalapo, umadikira munthu. Ndipo taganizani mmene timakhalira ife: timachoka kunyanja mapazi ali onyowa, opanda nsapato, n'kuponda pa simenti, dzanja lili pa chitseko cha firiji ya nsomba. Thupi lotero ndi njira yabwino kwambiri ya magetsi. Choncho waya wa earth afike pa soketi iliyonse ndi pa nyali iliyonse, ngakhale lero nyaliyo ili ya pulasitiki, chifukwa mawa wina adzaikapo yachitsulo.

Chilumba chathu ndi cha miyala ndi mchenga, ndipo nthaka yotere ikauma siilandira magetsi mosavuta. Ndaonapo anthu akukhoma kachitsulo kafupi, n'kugunda thanthwe, n'kukadula pomwepo, amvekere earth yatheka. Ndodo ya earth iyenera kulowa pansi ndithu, pamalo pamene nthaka imasunga chinyezi, ndipo pena pamafunika ndodo zingapo zolumikizana. Ngati yagwira kapena ayi, maso sangadziwe, pali chida choyezera. Chifukwa cha nthaka yathuyi, musalole kuti bokosi lanu likhale lopanda chija amisiri amati earth leakage, ena amati RCD, cha mamiliampu 30. Chimenechi chimayerekeza moto wopita ndi wobwerera, ndipo ukasowapo pang'ono pokha, monga pamene wayamba kudzera mwa munthu, chimadula msangamsanga. Breaker wamba imateteza waya, ichi chimateteza mwana wanu. Chili ndi kabatani koyesera. Muzikadina pakapita miyezi ingapo, ndipo chikapanda kugwa, chafa, chisinthidwe. Chikamagwa nthawi ya mvula, musalole munthu kuchilambalala ndi waya. Madzi alowa penapake, ndipo chikuchita ntchito imene munachigulira.

Za malamulo, ndikudziwa kuti achinyamata mumaziona ngati njira ya boma yodyera ndalama zanu. Ine ndinaziona mosiyana nditagwira ntchito. Malamulo a kaikidwe ka mawaya amene timatsata m'dziko muno anachokera kwa a ku Britain, ndi chifukwa chake mapulagi athu ali a mano atatu ngati awo, ndipo kumbuyo kwa lamulo lililonse kuli ngozi imene inachitikapo kwa anthu ena. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndi limene limapereka chilolezo kwa amisiri oika mawaya m'nyumba, ndipo ESCOM imafuna kuti nyumba ikhale yoikidwa mawaya ndi munthu wovomerezeka, ntchito yake itayezedwa, isanalumikize mita. Ndiye munthu akabwera ndi pulayala ndi tesita m'thumba, mufunseni chilolezo chake, muchione ndi maso. Safunsa anadya phula. Ndikudziwa kuti pa chilumba pano tonse ndife abale, ndipo kufunsa mwana wa amalume pepala kumaoneka ngati chipongwe. Funsani mwaulemu, koma funsani. Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso limenelo. Choipa kwambiri ndi chija chogula siginecha, ntchito agwire wina, pepala asaine wina amene nyumbayo sanaiponde. Pepala limenelo lidzakulowetserani mita, koma usiku wa ngozi silidzadzutsa munthu.

Ntchito ikatha, mmisiri ayeze inu mukuona: ngati chikopa cha mawaya sichikudontha moto, ngati earth yafika ponseponse, ngati switchi iliyonse ili pa waya wamoto, ngati earth leakage ikugwa. Alembe pa bokosi kuti breaker iyi ndi ya nyali, iyi ya masoketi, iyi ya chitofu. M'nyumba imene munaikidwa mawaya kalekale, kuyeza kumeneku kuchitike musanawonjezere kanthu. Ndalama ikachepa, yambani ndi zochepa zochitidwa bwino, nyali zitatu ndi soketi imodzi kapena ziwiri, mapaipi a zipinda zina atasiyidwa kale m'khoma kudikira chaka chamawa. Pali ngakhale timabokosi tobwera tokonzeratu, tokhala ndi breaker, masoketi ndi nyali, timene amati ready board, topangidwira mabanja amene sangathe kuika mawaya nyumba yonse. Palibe chamanyazi pamenepo. Mita ndi waya wochokera pa pholo ndi za ESCOM, musazikhudze. Kukokera mnansi waya kudutsa pabwalo ndi mlandu, ndipo ngakhale mtima wake uli wachifundo, pabwalo pamenepo ndi pamene ana amasewera mvula ikagwa.

Inu a kunyanja ndi inu amene muli ndi sola yanuyanu, musadzinamize kuti mavolti 12 alibe ngozi. N'zoona kuti sakugwira ngati a ESCOM, koma amayatsa moto. Mavolti akachepa, maampu amachuluka: katundu wa mawati 60 pa batire la mavolti 12 amakoka maampu 5, pamene pa magetsi a ESCOM sakanafika ngakhale theka la ampu. Choncho waya wa sola amafunika wonenepa ndi wamfupi, apo ayi nyali ya kuchipinda chakutali imangofiira, mphamvu itathera m'njira. Batire likachita shoti limatulutsa moto wokwanira kufiiritsa waya ngati khala, ndiye fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire. Mabatire a asidi amene mumayatsira nyali za usipa amatulutsa mpweya woyaka akamadzaza. Musawachajire m'chipinda chogona chotseka mawindo, kapena pafupi ndi mbaula ndi zigubu za petulo wa injini. Ndipo amene muli ndi inverter kapena jenereta m'nyumba yolumikizidwa ku ESCOM, muike switchi yosinthira, yoti mbali imodzi ikalowa inayo ituluke. Kubaya jenereta pa soketi kumabweza moto ku mawaya a panja, ndipo munthu amene wakwera pholo akudziwa kuti magetsi azima akhoza kufera pomwepo chifukwa cha inu.

Aliyense m'nyumba, kuyambira agogo mpaka mwana wa sitandade 3, adziwe pamene pali main switch, ndipo ikhale poti dzanja lifike, osati kuseri kwa kabati kapena matumba a ufa. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, mudzakhala awiri. Zimitsani main switch, ndipo ngati ili patali mukankheni ndi mtengo wouma inu mutaponda pouma. Akadzuka n'kunena kuti ali bwino, mupite nayebe ku chipatala cha St Peter's, chifukwa magetsi amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amawotcha m'kati mosaoneka. Moto wa magetsi sathira madzi magetsi asanazimitsidwe. Mchenga tili nawo wambiri, chidebe chimodzi chizikhala pafupi ndi khomo. Ozimitsa moto a ku Mzuzu sangawoloke nyanja kudzatithandiza, ndipo wopsa kwambiri ulendo wake wopita ku chipatala chachikulu ndi wa pamadzi, mwera ulipo kapena palibe.

Ndikadutsa pa Chipyela ndimaima kuyang'ana tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903. Agogo athu amene anasenza miyala ija anaphunzira umisiri pomwepo, ndipo ana a pa Likoma anadziwika kutali chifukwa cha sukulu ndi ntchito za manja. N'chifukwa chake zimandimvetsa chisoni kuti lero nyumba zikuchuluka koma amisiri a magetsi okhala ndi mapepala ndi ochepa, mpaka ena kuchita kuitanitsa munthu kutsidya n'kumulipirira sitima ndi chakudya. Inu amene manja anu amayabwa mukaona waya, anyamata ndi atsikana omwe, musathere pa kuonera anzanu. Pitani mukaphunzire ku Mzuzu Technical College, ku Livingstonia kapena kwina kumene TEVETA ingakutumizeni, mukalembe mayeso, mukatenge chilolezo cha MERA, mubwerere kuno. Ntchito ikukudikirani pa Likoma ndi pa Chizumulu pomwe.

Maso anga sakuonanso bwino manambala a pa breaker, ndipo makwerero ndinasiya kukwera. Koma mpeni wanga wopalira waya ndikadali nawo, ndipo madzulo ndimakhala pakhonde. Amene katundu wake atsike sitima ikabwerayi, asanatsegule khoma, abwere ndi mpukutuwo kuno tidzaupale limodzi.